Kodi mndandanda wa wounika mmodzi ndi wokwanira posankha mahedifoni apamwamba?

Mphunzitsi wa Kwaya, Lilongwe

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala zaka zambiri mukumvera nyimbo pa mahedifoni apamwamba. Ine ndimaphunzitsa kwaya ya mpingo wathu, ndipo kwa zaka 6 tsopano ndakhala ndikujambula ndi kukonza nyimbo za makwaya ang'onoang'ono m'kachipinda ka kunyumba kwanga. Popeza kachipindako kamabweza mawu kwambiri moti masipika amandinamiza, ntchito yambiri ndimaichita ndi Sennheiser HD 650 imene ndinagula kwa munthu amene anali ataigwiritsapo kale ntchito. Ndimaidziwa bwino kwambiri, koma ndikamakonza nyimbo ya anthu 40 ndimavutika kulekanitsa ma alto ndi ma tenor pamene mawu awo ayandikana, ndipo n'chifukwa chake ndakhala ndikusunga ndalama kwa zaka 2.

Mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Leeds, ku England, akubwera mu December ndipo wavomera kundigulira. Maganizo anga aima pa mahedifoni anayi: Sennheiser HD 800 S, Focal Clear, Audeze LCD-X ndi HiFiMAN Arya. Kuno kwathu ndilibe mwayi wowamvera anayiwa ndisanagule, ndipo akangofika m'manja mwanga kuwabweza kudzakhala kovuta, kotero ndikudalira zimene ena analemba.

Pali wounika wina amene ndamutsatira kwa nthawi yaitali, amene amasanja mahedifoni m'magulu kuyambira apamwamba penipeni mpaka otsika. Iye anaika Arya pamwamba pa HD 800 S, ponena kuti HD 800 S ili ndi besi wochepa komanso mawu okwera obaya m'khutu. Nditawerenga wounika wina ndinapeza kuti wasanja mosemphanitsa, ndipo akutamanda HD 800 S chifukwa cha mmene imatambasulira zoimbira ngati kuti munthu wakhala m'holo. Onse awiri amalemba molimba mtima ndipo onse amaonetsa magirafu. Kodi mawu a munthu mmodzi ndiwakhulupirire mpaka pati? Kodi kusiyana kwa gulu limodzi pa mndandanda woterewu kuli ndi tanthauzo lenileni, kapena ndingosonkhanitsa maganizo a anthu ambiri n'kutsata kumene ambiri aloza?

Mbewe wa ku Reading

Aphunzitsi, funso lanu ndi labwino, ndipo ndiyamba ndi kulekanitsa zinthu ziwiri zimene mindandanda yambiri imaziphatikiza m'chilembo chimodzi chosonyeza gulu limene hedifoni yaikidwamo. Choyamba ndi kakomedwe ka mawu, kutanthauza kuchuluka kwa besi, mawu apakati ndi mawu okwera poyerekeza china ndi chinzake. Ichi chimayezeka ndi makina, ndipo girafu imene mumaiona imasonyeza mphamvu ya mawu kuyambira otsika kwambiri, pa 20 Hz, mpaka okwera kwambiri, pa 20 kHz. Chachiwiri ndi zimene ounika amazitcha kulongosoka, kufulumira, kapena kukula kwa bwalo la mawu. Izi zilibe muyezo umene anthu onse anagwirizana, ndipo zimachokera m'khutu ndi m'mutu mwa wolembayo. Pa mahedifoni otsika mtengo chilembo chimatsamira kwambiri pa choyambacho chifukwa zolakwika zake zimakhala zazikulu, koma pa anayi amene mwatchulawa chimene chimakweza ina ndi kutsitsa inzake nthawi zambiri ndi chachiwiricho. Apa ndiye pamene mawu a munthu mmodzi amafooka kwambiri.

Pa kakomedwe ka mawu pali kafukufuku weniweni. Sean Olive ndi Todd Welti a ku kampani ya Harman, imene ndi mwini wa AKG ndi JBL, anayesa anthu ambiri omvera popanda kuwaonetsa dzina kapena mtengo wa hedifoni, ndipo mu 2013 anatulutsa mzere wa kakomedwe umene anthu amautcha Harman target, umene anaukonzanso mu 2015 ndi mu 2018. Chimene chikukhudza funso lanu ndi ichi: atagawa omverawo malinga ndi zimene anakonda, anapeza kuti pafupifupi 64 pa 100 alionse anakonda mzerewo mmene ulili, 15 anafuna besi wochulukirapo, ndipo 21 anafuna besi wochepa. Gulu lomalizali linali ndi amayi ambiri komanso anthu achikulire. Ndiye taonani kuti ngakhale pa chinthu choyezeka, munthu mmodzi mwa atatu aliyense sagwirizana ndi anzake. Wounika wanuyo ali m'gulu limodzi mwa atatuwa, inunso muli m'limodzi, ndipo mndandanda wake sukuuzani ngati muli pamodzi.

Magirafu nawonso ali ndi malire. Ambiri amene tinazolowera anayezedwa ndi khutu lopanga lotsata muyezo wa IEC 60318-4, monga la kampani ya GRAS, ndipo khutu limeneli ndi lodalirika mpaka pafupifupi 10 kHz. Makina atsopano a Brüel & Kjær 5128 amafika patali kuposa apo, koma girafu yake simungaiike pamwamba pa girafu ya makina akalewo n'kuyerekeza. Kuwonjezera apo, khutu la munthu limakweza lokha mawu a pafupi ndi 3 kHz, ndipo mapindidwe a khutu lakunja ndi kutalika kwa ngalande yake zimasiyana munthu ndi munthu, kotero nsonga ya pa girafu (pamene mawu akwera mphamvu kuposa oyandikana nawo) imene ikubaya wina pa 6 kHz ikhoza kumveka yofatsa kwa mnzake. Nkhani ya HD 800 ndi chitsanzo chodziwika. Yoyamba ija ya 2009 inali ndi nsonga pafupi ndi 6 kHz imene inachititsa eni ake ena kumamata tinsalu m'kati mwake, ndipo Sennheiser potulutsa HD 800 S inaikamo kachipangizo komeza mawu a pamalo amenewo. Nsongayo inachepa koma siinatheretu, ndipo n'chifukwa chake ounika anu awiri akhoza kukhala akunena zoona onse.

Ndinapitako ku CanJam ya ku London, kumene makampani amayala mahedifoni awo pamatebulo kuti anthu amvere. Chimene ndinaphunzira kumeneko n'chakuti kusiyana pakati pa hedifoni ya gulu loyamba ndi ya gulu lachiwiri pa mindandanda imene ndinkaikhulupirira kunali kochepa poyerekeza ndi kusiyana kumene ndinkamva ndikangosuntha hedifoni yomweyo pang'ono pamutu. Mtengo nawonso musautenge ngati umboni. Mu 2017 Jeroen Breebaart anafalitsa kafukufuku wa mahedifoni 283 m'magazini ya Acoustical Society of America, ndipo sanapeze mgwirizano pakati pa mtengo ndi mmene girafu ya hedifoni imaonekera.

Malangizo anga ndi akuti chilembocho muchisiye kaye, mufufuze zimene wounikayo analemba za HD 650 yanuyo. Hedifoni imeneyi inatuluka mu 2003 ndipo palibe wounika wodziwika amene sanaimvepo. Ngati akunena kuti ndi yophimbika pamene inu mumaimva yokwanira, dziwani kuti iye amakonda mawu okwera kuposa inu, ndipo chilichonse chimene achitcha chowala bwino chikhoza kukubayani.

Mayi Nabanda, Blantyre

Ndikugwirizana ndi a Mbewe, koma ndikufuna kuwonjezera za thupi la womverayo, chifukwa mndandanda sunena za khosi kapena za thukuta. HD 650 yanu imalemera pafupifupi magalamu 260, HD 800 S magalamu 330, Focal Clear magalamu 450, ndipo LCD-X imaposa magalamu 600. Wounika amene wamvera kwa ola limodzi atatsamira pampando sangamve zimene inu mudzamve pa ola lachinayi mutaweramira kompyuta mu October, makushoni achikopa atakuta makutu. Ine ndinagula hedifoni yolemera chifukwa cha matamando ake, ndipo mawu ake analidi okoma monga analembera, koma patapita miyezi 3 ndinapeza kuti ndikumangotenga yakale ija chifukwa khosi linkandipweteka.

Funsaninso ngati mumavala magalasi, chifukwa miyendo ya magalasi imatsegula kampata pakati pa khushoni ndi mutu ndipo pa mahedifoni ambiri besi amasintha. Makushoni akafwifwa ndi kuphwa, kasipika kamayandikira khutu ndipo mawu amasinthanso. Ngati HD 650 yanu simunaisinthe makushoni chiigulireni, ndiye kuti imene mukuimva si yofanana ndi imene wounikayo anaimva, ndipo muyambe mwagula makushoni atsopano musanachite zimene a Mbewe akunena. Mwinanso gawo lina la vuto la ma alto ndi ma tenor lija lidzathera pomwepo.

Za msinkhu sitikonda kuzitchula, koma makutu athu amayamba kutaya mawu okwera kwambiri pamene tikukula, ndipo amene akhala pafupi ndi masipika a m'tchalitchi kwa zaka zambiri amawataya msanga. Wounika wa zaka 25 ndi wa zaka 55 samva mofanana pamwamba pa 12 kHz. Palinso kukweza voliyumu: kuyambira kafukufuku wa Fletcher ndi Munson wa 1933 zimadziwika kuti khutu silimva besi bwino pamene mawu ali otsika, ndiye wounika amene amamvera mokweza adzanena kuti besi ndi wokwanira pamene inu, womvera motsitsa, mudzamupeza woperewera. Ndipo kumvera motsitsako musakusiye pofuna kufanana naye, chifukwa bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo makutu anu ndiwo chida chanu chachikulu pa ntchito ya kwaya.

Tembo wa ku Chipata

Ine ndiima pena pang'ono, makamaka pa funso lanu lomaliza, aphunzitsi, lakuti mwina mungotsata kumene ambiri aloza. Timanena kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo n'zoona pa ntchito yosenza, koma pa kuyeza zinthu ndimakonda sikelo imodzi imene ndikudziwa kuti imapendekera mbali iti kusiyana ndi masikelo 20 amene sindinawayesepo. Anthu ambiri amene amalemba maganizo awo pa intaneti anamvapo mahedifoni awiri kapena atatu okha apamwamba, ndipo imene akuitamanda ndi imene anailipira ndalama zambiri. Munthu amene wangotulutsa madola oposa 1,000 savomera msanga kuti analakwitsa. Mukasonkhanitsa mawu a anthu oterewa mupeza kuti hedifoni iliyonse ndi yabwino koposa, ndipo simudziwa chilichonse chatsopano.

Wounika mmodzi amene wamvera mahedifoni mazana ambiri, pa zipangizo zomwezo, ndi nyimbo zomwezo, ali ndi chinthu chimene gulu lilibe, ndicho kusasinthasintha. Ndimakumbukira Tyll Hertsens, amene anayambitsa kampani ya HeadRoom ku Montana ndipo pambuyo pake analemba pa tsamba la pa intaneti la InnerFidelity mpaka anapuma mu 2018. Iye anali ndi mndandanda wotchedwa Wall of Fame, ndipo ubwino wake unali wakuti sankangopereka chilembo. Ankafotokoza chifukwa chimene hedifoni yalowera, ankaonetsa miyezo yake, ndipo ikabwera ina yoiposa ankachotsa yakaleyo n'kunena chifukwa chake. Aliyense womuwerenga ankadziwa kuti salekerera mawu okwera obaya, choncho amene ankakonda kuwala kwa mahedifoni a Grado kapena Beyerdynamic ankadziwa mmene angamasulire mawu ake. Mu 2016 anatcha Focal Utopia, ya madola pafupifupi 4,000, hedifoni yabwino koposa padziko lonse, ndipo panali anthu odziwa bwino amene anapitiriza kukonda Stax SR-009 kapena HD 800. Zimenezo sizinamuchotsere phindu lake. Chinali chiganizo cha munthu wodziwika makonda ake, ndipo chinali chothandiza chifukwa cha kudziwikako.

Chimene muyenera kufufuza mwa wounika wanu si kulondola kwake ayi, koma kumasuka kwake. Kodi hedifoni anaigula yekha, anabwerekedwa, kapena anapatsidwa kuti ikhale yake? Kodi amalandira kangachepe mukagula kudzera pa linki yake? Kodi amagulitsanso mahedifoni, kapena anagwirapo ntchito ndi kampani ina popanga chipangizo chokhala ndi dzina lake? Zoterezi n'zofala tsopano, monga mmene wounika Crinacle wa ku Singapore anagwirira ntchito ndi kampani ya Moondrop pa timahedifoni tolowetsa m'khutu totchedwa Blessing 2 Dusk, ndipo anazinena poyera. Rtings, kampani younika zipangizo ya ku Montreal, inasankha njira ina yogula yokha zinthu zimene imayesa. Palibe mwa njirazi imene imasandutsa munthu wabodza kapena woona, koma amene amabisa za ndalama ndiye woyenera kumutaya.

Ngakhale wounika woona mtima amanyengedwa ndi maso ake. Mu 1994 Floyd Toole ndi Sean Olive anasonyeza kuti anthu omwewo, pomvera masipika omwewo, ankapereka mamalikisi osiyana akamawaona kusiyana ndi pamene masipikawo abisidwa kuseri kwa katani, ndipo odziwa ntchito nawonso sanapulumuke. Pa mahedifoni vutoli ndi lalikulu chifukwa munthu amazindikira hedifoni ndi kulemera kwake komanso mmene yagwirira mutu, ngakhale atatsinzina. Choncho pamene wounika akunena kuti ya madola 4,000 ili ndi kulongosoka kumene ya madola 1,500 ilibe, ine ndimamukhulupirira theka, koma akanena kuti ina ili ndi besi wochuluka kuposa inzake ndipo girafu ikuvomereza, ndimamukhulupirira kwathunthu.

Pomaliza funsani kuti amamvera nyimbo zotani. Amene amayesa ndi nyimbo zodzaza ng'oma zamagetsi amafuna besi wotsika pansi pa 50 Hz, ndipo pamenepo LCD-X ndi Arya, zimene ndi za mtundu wa planar (mawu amachokera ku kachikopa kopyapyala koyendetsedwa ndi maginito), zimaposa HD 800 S mosakayikitsa. Koma woimba besi wa m'kwaya safika kumeneko, chifukwa mawu ake otsika amathera cha m'ma 80 Hz. Chimene chinatsitsa HD 800 S pa mndandanda wa wounika wanu mwina sichikhudza n'komwe ntchito yanu.

Mphunzitsi wa Kwaya, Lilongwe

Zikomo kwambiri a Mbewe, mayi Nabanda ndi a Tembo. Ndabwerera kukawerenga zimene wounikayo analemba za HD 650, ndipo ndapeza kuti amaiyamikira pa mawu apakati monga mmene ine ndimaimvera, koma amadandaula kwambiri za besi wake, chinthu chimene ine sichinandisowetsepo mtendere. Nyimbo zimene amatchula poyesa ndi zamagetsi pafupifupi zonse, ndipo palibe ya kwaya ngakhale imodzi. Makushoni anga ndi omwe aja ndinagula nawo, ndipo magalasi ndimavala tsiku lonse. LCD-X ndaichotsa chifukwa cha kulemera. Funso limene latsala ndi lakuti, kodi pali njira yoti ndilaweko mawu a atatu otsalawa ndili konkuno, ndipo kodi kabokosi kanga kojambulira mawu kadzatha kuwayendetsa?

Mbewe wa ku Reading

Njira ilipo, aphunzitsi, ndipo ndi yomwe a Harman anagwiritsa ntchito pa kafukufuku wawo wina, pamene ankatenga hedifoni imodzi n'kuisintha ndi ikwalaiza, chosinthira kuchuluka kwa besi, mawu apakati ndi mawu okwera, kuti itsanzire mawu a mahedifoni ena, pofuna kuti omvera asazindikire dzina. Pa kompyuta ya Windows mukhoza kuika pulogalamu yaulere ya Equalizer APO, ndipo pulogalamu ina yotchedwa AutoEq, ya Jaakko Pasanen, ili ndi miyezo ya mahedifoni ambiri, kuphatikizapo ya woyeza wodziwika ndi dzina lakuti oratory1990, imene ingakuthandizeni kupeza manambala osinthira HD 650 kuti iyandikire Clear, Arya kapena HD 800 S. Onetsetsani kuti magirafu awiri amene mukuyerekeza achokera kwa woyeza mmodzi ndi makina amodzi, ndipo zimenezi muzichite makushoni atsopano atafika.

Pomvera, linganizani voliyumu mosamala, chifukwa chimene chakwera pang'ono chabe chimamveka ngati chabwino koposa. Mupemphe mwana wa m'kwaya kuti azisintha makonzedwewo inu musakuona, ndipo mugwiritse ntchito nyimbo zimene munajambula nokha, za anthu amene mawu awo mumawamva pamaso Loweruka lililonse. Pa mfundo imeneyi muli ndi mwayi umene ounika ambiri alibe, popeza mukudziwa mmene mawu enieniwo anamvekera m'tchalitchi tsiku lojambula. Kuyesaku kudzakuuzani za kakomedwe ka mawu mpaka cha m'ma 8 kapena 10 kHz, koma sikudzakupatsani kutambasuka kwa HD 800 S, kumene kumachokera ku makapu ake akuluakulu ndi kasipika ka mamilimita 56 koikidwa mopendeka patsogolo pa khutu. Pa chimenecho mudzadalirabe mawu a ena, ndipo n'cholimbikitsa kuti ngakhale amene amaitsitsa HD 800 S pa mindandanda yawo satsutsa za kutambasukako.

Za kabokosi kanu, ngati kamayendetsa bwino HD 650 kadzayendetsanso HD 800 S, chifukwa zonse ziwiri ndi za maohm 300 (muyezo wa impedance, mmene chipangizo chimakanira magetsi). Clear ndi ya maohm 55 ndipo siivuta kukweza, koma ngati potulukira mawu pa kabokosiko pali ndi impedance yokwera, besi wake adzafufuma kuposa mmene girafu ikusonyezera, choncho yang'anani nambala imeneyo m'buku la kabokosiko. Arya sisintha mawu mwa njira imeneyo, koma imafuna mphamvu yochuluka ndipo mwina idzafunika ampulifaya yapadera, imene muyenera kuiwerengera pa mtengo. Kumbukiraninso kuti atatu onsewa ndi otsegula kumbuyo ngati HD 650 yanu, kotero ndi okonzera nyimbo osati ovala pafupi ndi maikolofoni pojambula.

Mlongo wanu agule msanga, mu November, ku sitolo imene imalola kubweza katundu, ndipo aiyese ngati mbali zonse ziwiri zikumveka mofanana asanakwere ndege. Agulenso makushoni apadera a hedifoni imene mudzasankheyo, ndipo a HD 650 awatumize ndi munthu amene akubwera mwezi uno kuti muyambe kuyesa.